Mzere Umene Ndinaiwala Kulemba

Lachinayi, 12 Juni

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu. Ine ndilipo, koma mtima suli m'malo. Ndasankha pepala chifukwa pa foni mukanandidula pakamwa ndi nthabwala zanu zija.

Mukuikumbukira dalaivala, pulogalamu ya pakompyuta yoyendetsa khadi la netiweki, imene tinalemba limodzi kuno ku kampani, ija inkangouma mpaka makasitomala kutithawa? Abwana anati mlandu ndi wanu poti munkatsogolera gulu. Inu simunatsutse, munangolongedza mabuku anu n'kukafuna ntchito kutali. Miyezi isanu ndi iwiri yapita.

Dzana ndinalipeza vutolo. Paketi ya uthenga yowonongeka ikafika, pulogalamu inkaitaya bwinobwino, koma bafa (malo osungira uthenga kwakanthawi m'kompyuta) imene khadi linatuliramo paketiyo sinkabwezedwa. Mabafa ankatha imodzi imodzi, mpaka khadi kusowa potulira, basi zii. Unasowa mzere umodzi wokha m'pulogalamumo. Achimwene, gawo lothana ndi zolakwikalo ndinalemba ndine. Mzerewo simunaupeze, koma munkadziwa kuti gawolo ndi langa, ndipo dzina langa simunalitchule. Inenso tsiku lija abwana ankakuimbani mlandu ndinali m'chipinda momwemo, maso pansi.

Ndaukonza. Ndathira mapaketi owonongeka zikwizikwi masiku awiri, makina sakugwedezeka. Nditaona choncho ndinatembenuka kuti ndikuonetseni, n'kupeza pa desiki panu pali makatoni a mawaya.

M'mawa uno ndinalowa kwa abwana.

"Bwana, munachotsa munthu wosalakwa. Wolakwa ndine."

"Wakonza?"

"Ndakonza."

Anavula magalasi. Kenako anati, "Uwauze achimwene ako kuti khomo ndi lotsegula."

Ndakuuzani, koma si chimene ndalembera. Ndikudziwa kuti alamu apeza ntchito kumeneko, ndipo ana azolowera sukulu. Chimene ndikupempha n'chakuti mundikalipire. Imbani, munditchule wopupuluma monga munkachitira pondiphunzitsa ntchitoyi. Ulemu umene mumandiyankhira nawo masiku ano ukundipweteka kuposa mawu alionse.

Amayi akupereka moni. Ndawaululira zonse, sanamve za mabafa, angofunsa kuti, "Ndiye abwera liti?" Mundipatsire moni alamu ndi ana, makamaka wamng'onoyo, amene ndamva kuti wayamba kuyenda ine osamuona.

Ine mlongo wanu,
amene akudikira foni yanu.