Agulugufe a Kuseri kwa Bafa

Nkope, Mangochi

Asuweni a Bryson,

Kodi gulugufe munayamba mwamuyang'anitsitsa, kapena mumangomeza za pafoni? Landirani moni, kuno tilipo, koma mwandikwiyitsa.

Ndamva kuti mwakalipira akazi anu a Mariya, ati anakwirira mankhwala kuseri kwa bafa, poti agulugufe akuunjikana pamenepo tsiku ndi tsiku. Ine sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, koma maso ndili nawo. Ndinapita, ndinakhala pansi, ndinaona. Ndi tiagulugufe tija tachikasu, ta mapiko akuda m'mphepete, touluka motsika ngati taledzera. Ndi tomwe tija timadzaza pamjigo ndi pakhola la mbuzi. Tikapeza dothi lonyowa, makamaka la mkodzo, timatera chigulu, n'kupinda mapiko, n'kumayamwa. Dothi likauma timabalalika.

Tsono dzifunseni chifukwa chake pamalopo sipakuuma. M'mawa uliwonse a Mariya amachapa zofunda za bambo anu, madzi n'kutaya pamenepo. Amalumewo kuchimbudzi sakufikanso okha. Dzulo anandiitana dzina lanu, ine n'kungovomera. Zinazo sindilemba.

Usipa ukupezeka, ana akupita kusukulu. Koma a Mariya awonda. Anandifunsa akulira kuti, “Alamu, ndithirepo palafini kuti tizilomboti tichoke?” Ndinawaletsa. Tizilomboto talakwanji?

Muwaimbire foni muwapepese, ndipo amene anakuuzani bodzalo mumutseke pakamwa nokha, ndisanamupeze ine. Mukatero mupemphe tchuthi kwa abwana anu ku Joniko. Musadikire Disembala.

Ndine msuweni wanu wosabisa mawu,
Lekani