Kaladiyeta kanga kali m'galimoto ya Linda

Aphungu,

Amuna anga ndi makaniko, galaja yawo ili ku Makata. Pakhomo tili ndi Sienta ya otomatiki imene ndimanyamulira kaunjika. Ikamakwera mtunda wa ku Chilobwe giyabokosi imatentha, fungo la oyilo wopserera kuti guu, mpaka ndimaima pambali kuti ipume. Chaka chatha anagula kaladiyeta kakang'ono koziziritsa oyilo wa giyabokosi, n'kukaika pamwamba pa wadiropu. Ndikawakumbutsa amati, "Mayi a Allan, galimoto yapakhomo siithawa."

Mwezi watha kaladiyetako kanasowa. Nditawapanikiza anavomera kuti anakamanga pa galimoto ya Linda, mayi wina wosakwatiwa amene ali ndi saluni ku Chitawira. Chikundiwawa kwambiri n'chakuti Loweruka lililonse amakaiyesa pa mtunda wakwathu womwewu, Linda ali kumpando wakutsogolo, kundidutsa ine nditatsegula boneti. Nditafunsa anati, "Nsanje bwanji? Tikuona ngati oyilo sakudontha."

Aphungu, pena ndimaganiza zokamasula kapaipi kamodzi pa galimoto ya Lindayo. Nditani?

A.M., Chilobwe

Mayi A.M.,

Zoyesa pamtunda sananame. Akamanga kaladiyeta, galimoto iyenera kukwera phiri kuti oyilo atenthe, kenako ayang'ane molumikizira mapaipi ndi kuwonjezera oyilo. Koma zimenezi n'za tsiku lomangalo, mwina kubwerezako kamodzi. Za Loweruka lililonsezi, ndiye kuti amuna anu ntchito saidziwa, apo ayi pali china. Komanso mwini galimoto safunika kukweramo. Oyilo amadonthera pansi, osati pampando.

Musayambe ndi Linda, umboni mulibe. Yambani ndi chimene chili chanu. Auzeni mofatsa kuti agule kaladiyeta kena, akamange sabata ino. Akayamba zozengereza, tengani Sienta masanasana mukaisiye pa galaja yoyandikana ndi yawo. Palibe makaniko amene angapirire kuona miyendo ya mnzake ikusuzumira pansi pa galimoto ya mkazi wake, Makata yonse ikuonerera.

Loweruka likafika, sambani, tchenani, muwaimitse, mukhale kumpando wakumbuyo. Muziti nanunso mukufuna kuphunzira. Zoyesazo zikathera pomwepo, yankho mwalipeza, itanani ankhoswe.

Koma kapaipiko musakakhudze, mayi. Oyilo akatha pamtunda paja galimoto ikhoza kubwerera chambuyo, ndipo mumsewumo mumadzaza ana. Ngakhale pasavulale munthu, giyabokosi idzapsa. Yophwasulayo ndi ntchito ya mwezi wathunthu, ndipo makaniko amene Linda adzamuimbire mukumudziwa.