Adilesi ya Mwezi

Achemwali 09:12
chitsiriza iwe. printer ya mu shop yakana. computer yayikulu net palibe. mafoni okha ndi amene akugwira. dzulo unatsala wekha ndi modem

Achemwali 09:13
ndakuika mu group ndi alamu ako kuti unamize tonse pamodzi

Chitsiriza 09:20
achemwali ndili pa mzere wa mapepala omwe mwandituma. sindinaononge kanthu, ndinangokongoletsa

Alamu 09:21
modem amakongoletsa? waiveka ndolo? kkkk

Chitsiriza 09:23
alamu inu munati modem imagawa ma adilesi ngati manambala a nyumba. foni ikalowa imapatsidwa yomwe ilipo, mawa ina. ndye zinandiwawa kuti mwezi azingopatsidwa nambala iliyonse ngati wa lendi

Achemwali 09:23
mwezi ndi ndani

Alamu 09:24
uja woluka tsitsi pa salon ya pafupi nanu. amene amabwereka wifi yanu. mlamu wanga anamubatiza

Chitsiriza 09:26
anabadwa pa 23 october. ndamusungira 192.168.10.23, yake yokha, mpaka kale. palibe foni ina ingaitenge

Alamu 09:27
dikira. modem yathu ili pa 8.1. kuti 10 ikwane unatani

Chitsiriza 09:27
ndinaisuntha pang'ono. pano ili pa 10.1

Alamu 09:29
🎤 voice 0:38

Achemwali 09:31
inu ndili ndi makasitomala atatu pano, sindingamvere kuseka kwanu. lembani

Alamu 09:34
modem ndi khomo, chilichonse chopita pa net chimatulukira pamenepo. mafoni amafunsa okha kuti khomo lili kuti, nchifukwa ali bho. koma printer ndi computer ndinazilembera pamanja, zimadziwa 8 basi. ndye mlamu wagumula khomo nkukaliika kuseri. computer ikugogoda khoma

Achemwali 09:34
mankhwala ake?

Alamu 09:35
kuseri kwa modem kuli kabowo. lowetsani phini, dinani mpaka magetsi aphethire. zonse zibwerera mwakale

Chitsiriza 09:35
AYI

Chitsiriza 09:35
pliz achemwali. zifufutika zonse

Chitsiriza 09:36
amabwera 12 pa break yake. ndikufuna ndimutsegulire settings aone yekha tsiku lake lili mmenemo. akangoona dinani

Achemwali 09:37
anzako amagula maluwa. iwe ukufunsira ndi settings

Chitsiriza 09:38
maluwa amafota

Alamu 09:38
eeh wolemba ndakatulo wadzuka. mkazi wanga musiyeni, lumikizani printer pa laptop ndi chingwe cha mu drawer. ndikufuna ndione mathero ake

Achemwali 09:52
chingwe chake chachifupi, ndikusindikiza nditagwada pansi ngati ndikupepesa. ukadzakwatira ndidzanena izi pa mic

Chitsiriza 10:40
mzere sukuyenda

Chitsiriza 11:05
alamu mukuganiza ndiyambe ndi mawu kapena ndingomuonetsa

Chitsiriza 11:06
ndaganiza zoti "dziko lonse lili ndi ma adilesi koma iyi ndi yako"

Alamu 11:30
ndili pamwamba pa tower, usandigwetse

Chitsiriza 11:48
ndakwera minibus. akabwera mumuchedwetse. mpatseni mpando. osanena kanthu

Achemwali 12:03
wafika mwezi wako. masanasana

Chitsiriza 12:03
wavala chani

Achemwali 12:04
zovala

Chitsiriza 12:04
achemwali

Achemwali 12:06
akupempha password

Chitsiriza 12:06
ali nayo kale. foni yake imalowa yokha, ndinaikonza ndine

Achemwali 12:07
foni ndi yatsopano. yayikulu ngati thireyi, pulasitiki sanamatule nkomwe

Chitsiriza 12:07
yakale ija?

Achemwali 12:10
akuti anapatsa agogo ake aamuna aziimbira ku mpingo

Alamu 12:11
kkkkkkk mlamu. modem sidziwa munthu, imadziwa foni. 23 october yonse yapita kwa agogo. mpaka kale

Alamu 12:11
ukawafunsire bwinobwino, ndi munthu wamkulu

Chitsiriza 12:12
ndikonza. ndingochotsa yakaleyo nkulembetsa yatsopano. mphindi ziwiri. muuzeni asachoke ndili pa roundabout

Achemwali 12:14
walowa kale. ndayang'ana pa foni yakeyo, wapatsidwa 10.104

Chitsiriza 12:14
ndisintha

Achemwali 12:16
chitsiriza

Achemwali 12:16
kwabwera bambo wina. makiyi a galimoto pa chala. wamugwira mchiuno nkumufunsa ngati foni ikumusangalatsa

Chitsiriza 12:17
mwina ndi achimwene ake

Achemwali 12:17
achimwene sagwira pamenepo

Alamu 12:18
🎤 voice 0:03

Achemwali 12:19
naye bamboyo akufuna wifi. mwezi wamuuza kuti kuno ndi ulere, kuli kamnyamata kena kokoma mtima

Achemwali 12:19
kamnyamata kena. dzina sanalitchule, ndadikira

Achemwali 12:25
uli pati

Achemwali 12:33
iwe mapepala anga

Alamu 12:40
mlamu yankha. tikuseka koma tili nawe

Chitsiriza 12:58
ndili panja kuseri kwa shop. apita?

Achemwali 12:58
akadali pa benchi, akuonera video limodzi

Chitsiriza 13:01
dinani