Labala ya bambo ake

Lolemba, 10 Febuluwale

Mzime wanga wadzukanso akudandaula m'mimba. M'mimba mwakemo mumadziwa masiku, Loweruka simupweteka. Ndamuperekeza mpaka pageti la sukulu akulira. Madamu ake akuti ndikawaone Lachinayi. Mtima uli m'mwamba. Kapena akufuna abwereze kalasi?

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Homuweki ya masamu, nkhondo yathu ya tsiku ndi tsiku. Bambo ake akangoweruka amakhala naye patebulo, labala ili m'manja. Mwana akalakwitsa, amafufuta. "Lembanso." Mpaka pepala kubooka.

Ndinati, "Homuwekiyi ikumudwalitsa mwanayu, bola ingotha." Iwo amvekere, "Mayi ake, kuwongola mtengo m'poyamba. Ife tinakula nayo." Zandikwiyitsa zedi.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Sitikuyankhulana. Mzime chakudya wangolawa.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Bambo ake ndawakoka, tapita tonse. Madamu akuti masamu a kunyumba amakhoza onse, koma m'kalasi zero. Iwo amayesa ndi ulesi, ndiye amamukalipira tsiku ndi tsiku. Pamenepo ndadziwa gwero la m'mimba muja.

"Amamulembera ndani?" anafunsa Madamu.

"Palibe," anatero bambo ake monyadira. "Ine ndimangofufuta zolakwazo."

Madamu anagwira kukamwa. "Bambo, zolakwazo ndi zanga. Mukamazifufuta, ndidziwa bwanji pamene mwana wasochera?"

Ine ndinayesa mwayi: bwanji homuwekiyo ingotheratu? Akana. Akuti masamu ochepa, azilemba yekha, akalakwa abwere nazo choncho. Zobwereza kalasi palibe. Ndinapuma ngati ndatula mtolo.

Pobwerera aliyense amati wawina ndi iyeyo.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Mzime walemba yekha. Bambo ake amangozungulira tebulo ngati nkhuku yofuna kuikira. Ndinaona ndithu kuti 52 kuchotsa 7 walemba 55. Nanenso dzanja linayabwa, koma ndinamusiya.

Lolemba, 17 Febuluwale

Wabwera akuthamanga, kope lili ndi mitanda itatu yofiira. "Amayi, kani yapamwamba ikachepa umabwereka kwa inzake! Madamu andionetsa, sanakalipe!" Wadya mpaka kupempha china.

Lachiwiri, 18 Febuluwale

Wavala yunifolomu ndisanamudzutse. Za m'mimba sanatchule, inenso sindinafunse.

Posesa ndaona kuti tebulo lathu lija lasiya kugwedera. Kuwerama, labala ija ili pansi pa mwendo wofupika. Ayikapo okha bambo ake.