Amene Anagogoda Katatu

Alamu,

Ndalephera kukuuzani pamaso, ndiye ndangolemba. Komaliza kuwaona achimwene ali moyo, anali akulowa m'makina ogaya mitu ya nsomba kukachotsa minga yomwe inatseka. Anandicheukira n'kunena kuti, "Iwe wakukoleji, usagone pa batanipo." Kuntchito kwathu munthu akatulukira mbali inayo amagogoda chitsulo katatu, ndiye wa pa batani amayatsa. Alamu, ine ndinamva kugogoda katatu. Amene anayatsa ndine.

Dzulo masana, magetsi ali ozimitsa, m'makinamo mulibe munthu, kugogoda kuja kunamvekanso katatu. Azimayi osenda nkhanu anasiya mipeni n'kutuluka panja. Akapitawo akuti ndi ayezi akusweka. Kodi ayezi amadziwa kuwerenga?

Ndapita kwa oyendera mafakitale kukanena zonse, kuphatikizapo zoti loko wotsekera swichi ya makinawo anasowa kalekale. Akandisunga, musandidikire. Kasukulu kanga ka chaka chimodzi kaja kagwira ntchito lero, fomu ndikalemba ndekha.

Amayi muwapatse mankhwala awo, koma izi musawauze, ndidzawauza ndi pakamwa panga. Jombo za achimwene musazitsuke, zidzafunika ngati umboni. M'mawa uno ndazipezanso zonyowa, kuseri kwa chitseko komwe munaziika. Ngati munazitsuka ndinu, mudzandiuze, mtima ukhale pansi. Jekete yawo ndavala ine, pepani, yanga ikununkha moti a ku ofesi angandibwezere pakhomo.

Mwana wa wina adzalowanso m'makina muja. Akuti makinawo ayambanso kugaya Lolemba, pa 14 Okutobala.