Mawu a Aphunzitsi Lolemba Lisanafike

Zolembedwa za msonkhano wadzidzidzi wa komiti ya gulu lojambulira mabuku anthu osaona

Tsiku: Loweruka, 14 Seputembala
Malo: Kachipinda kojambulira, kuseri kwa laibulale
Analipo: Wapampando, Mlembi, Aphunzitsi, amene amatiwerengera mabuku, Mayi Oluka, oimira mamembala osaona, a Mawailesi, okonza zipangizo, omwenso ndi mlamu wa Wapampando
Opepesa: Msungichuma
Osapepesa: Wachiwiri kwa Wapampando, mwa masiku onse

1. Kutsegulira

Wapampando anatsegula msonkhano nthawi ya 9:20 m'mawa. Anati nkhani ndi imodzi basi: maikolofoni ya USB yasiya kugwira ntchito kuyambira Lachitatu, pomwe buku limene ophunzira osaona akukalembera mayeso latsala mutu umodzi kuti lithe. Anakumbutsa komiti kuti Lolemba Aphunzitsi akupita ku opaleshoni ya pakhosi, ndipo madokotala sanabise kuti mawu mwina sadzabwereranso.

Aphunzitsi anapempha kuti anthu asiye kuwayang'ana ngati afa kale. Anati mitu khumi ndi umodzi anawerenga okha, wotsalawu sausiyira munthu.

2. Zimene zayesedwa kale

A Mawailesi anafotokoza kuti kanyali ka maikolofoni kakuyaka bwinobwino, koma kompyuta siikuiona n'komwe. Pa mndandanda wa zipangizo zolowetsa mawu dzina lake palibe. Anati ayesa mabowo onse atatu a USB, azimitsa kompyuta n'kuyatsanso, aona ngati batani lotsekera mawu linadinidwa, aonanso ngati pulogalamu yojambulira ili ndi chilolezo chogwiritsa ntchito maikolofoni. Zonse zili m'malo mwake, koma kamzere kosonyeza mawu kangoti phee.

Wapampando anafunsa kuti: "Alamu, chinthu chingangofa chokha musanachitokose?" A Mawailesi anayankha kuti zaka makumi atatu akukonza mawailesi sanaphepo ngakhale belu la njinga. Mawu amene anatsatira Mlembi sanawalembe, polemekeza mayi akunyumba kwa Wapampando, amene onse awiriwa akawapeza madzulo.

3. Maganizo a mamembala

Wapampando anati ajambule pa foni zithe. Aphunzitsi anakana. Anati foni imatola phokoso la owotcherera zitsulo kuseri kwa mpanda, ndipo mwana wosaona alibe tsamba loti abwererepo akaphonya liwu.

Mlembi anapereka maganizo oti maikolofoniyo ikayesedwe pa kompyuta ya laibulale. Komiti yonse inanyamuka kupita kumeneko. Nayonso siinaione, kanyali kokha ndi kamene kanayaka. A Mawailesi anati apa ndiye kuti kompyuta yathu ilibe mlandu. Mlembi akufuna zidziwike kuti nzeru imeneyi inali yake, popeza ya mwezi watha inalembedwa m'dzina la wina.

4. Chingwe

Titabwerera, Wapampando anati maikolofoni yafa. Mayi Oluka anati: "Inu a maso mwayang'ana masiku atatu. Tandipatsani nane ndigwireko." Anapapasa maikolofoni, n'kutsetsereka ndi chingwe mpaka kumapeto, n'kubwereranso. Kenaka anati: "Ichi si chingwe chathu."

Anakumbutsa komiti kuti katundu aliyense wa gulu anamumangirira kabatani ka malaya ndi ulusi, kuti osaona azimuzindikira m'manja. Chingwe chimenechi kabatani kanalibe.

A Mawailesi anagwira pakamwa. Anati zilipo zingwe zongotchajira foni, zodutsitsa moto wokha osadutsitsa mawu, n'chifukwa chake kanyali kamayaka kompyuta osaona kanthu. Anavomera kuti chingwe sanachikayikire, poti n'chakuda ngati chathu chomwe.

Mlembi anafunsa amene anasintha chingwe. Wapampando anakhosomola n'kunena kuti Lachiwiri foni yawo inatha moto, ndiye anabwereka chingwe chinali patebulo, n'kubweza chimene anachigwira koyamba m'chikwama. Atakhuthula chikwamacho, chingwe cha kabatani chinagwa pamodzi ndi makiyi ndi chipeso.

A Mawailesi anati: "Alamu, tabwerezani funso lanu lija." Wapampando anati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo anapepesa kwa alamu awo, kenaka anaimirira n'kupepesa kwa Aphunzitsi chifukwa cha masiku atatu amene awadyera. Aphunzitsi anati kupepesa kwamveka, koma kukutha nthawi.

5. Kuyesa

Chingwe chitalumikizidwa, dzina la maikolofoni linatulukira pa mndandanda. A Mawailesi analisankha n'kudina pojambulira. Aphunzitsi anayandikira n'kunena kuti: "Mukundimva kodi, ana inu?" Kamzere kanadumpha. Mayi Oluka anakuwa kuti: "Tikukumvani!" Aphunzitsi anaseka mpaka kutsokomola.

6. Zomwe tagwirizana

Chingwe cha kabatani chisachokenso pa maikolofoni, ngakhale wofuna kutchaja akhale ndani. Chipangizo chikavuta, chiziyamba chadutsa m'manja mwa Mayi Oluka a maso asanayambe kukangana. Mutu womaliza ujambulidwe lero lomwe, ndipo Wapampando apite okha kukapempha owotcherera zitsulo kuti apumeko maola awiri.

7. Zina ndi zina

A Mawailesi anafunsa ngati afufute kachidutswa koyesera kaja. Mayi Oluka anati asayerekeze. Anati m'mabuku onse Aphunzitsi amawerenga mawu a anthu ena, koma m'kachidutswa kameneka muli mawu awoawo ndi kuseka kwawo. Palibe anatsutsa. Mlembi anachita chisoni kwambiri, ndipo mzere uwu waulemba atatuluka panja.

8. Msonkhano wotsatira ndi kutseka

Tidzakumananso Loweruka, 12 Okutobala, m'chipinda chomwechi. Aphunzitsi anati adzabwera ndithu, mawu alipo kaya palibe. Ngati palibe, azidzakhala pambali pa wowerenga watsopano n'kumamugogodera tebulo akayamba kuthamanga.

Wapampando anatseka msonkhano nthawi ya 10:35 n'kuthamangira kuseri kwa mpanda. Nthawi ya 10:45 zitsulo zinaleka kulira. Tonse tili pakhonde, chitseko chili chotseka, tinamva Aphunzitsi akuyamba: "Mutu wa khumi ndi chiwiri."

Wapampando: ____________________

Mlembi: ____________________