Tamwera Chikho Chimodzi

Lachinayi madzulo, ku Chikweo. Lero mtima wayera mbee!

Ndachokera kuchipatala, kumene andijambulanso m'chifuwa. Kachotupa ka m'mapapo kaja, komwe anakaona nthawi yokolola thonje, sikanakule. Ena ankati ndisavutike kupitanso poti sinditsokomola. Ine ndinapita basi.

Alamu anga, amene miyezi yonseyi akhala akundipatulira chikho changachanga poopa TB, anandichingamira. "Ndiye mwachira?"

"Iyayi, alamu, kadakalipo. Koma adokotala akuti si TB, sikapatsirana. Kangofunika kumakaona, ndipo akadzandiitana ndidzapitanso."

Kenako anatunga thobwa, anamwako, n'kundipatsira chikho chomwecho. Ndinagugudiza lonse, maso ali pa iwo.

Tsopano ndikudikira Lamulungu kutchalitchi, ndikaone ngati amayi amene ankandithawa pabenchi poopa TB akandithawenso...